TILI TONSE: MBIRI YA ANZATHU OONEKA NDI OSAONEKA

Ambiri a inu munakhalapo pamoto madzulo, ambuye alikuyamba nthano. Iwo akati "Panangokhala," nonse munali kuyankha kuti "Tili tonse." Mukaleka kuyankha, ambuye naonso anali kuleka, nafunsa ngati mwagona. Nthano sinali nchito ya munthu mmodzi. Wosimba anali kuyang'ana nkhope zanu. Mukaseka anali kutalikitsa, mukayamba kusinza anali kufupikitsa kapena kuyambitsa nyimbo.

Lero ambiri a ife timaceza ndi anthu amene sitikuwaona, ndipo ena ayamba kuceza ndi makina amene amayankha ngati munthu. Ena amati zimenezi ndi zacilendo kotheratu. Koma mbiri ya kuno ku Chipata ionetsa kuti makolo athu anayamba kalekale kuphunzira kukhala ndi mnzao wosaoneka. Tiyeni tione m'mene anacitira, pakuti muli phunziro la ife.

Pamtondo, m'munda ndi pabwalo

Tiyambe ndi nthawi imene mnzako anali munthu amene waima pafupi nawe. Amai awiri kapena atatu akamasinja cimanga mu mtondo umodzi, minsi yao sigundana. Wina akamatsitsa, wina alikukweza. Palibe wowerenga kuti "wanu, thuu." Nyimbo ndiyo iwatsogolera, ndipo aliyense amamva kugunda kwa mnzace. Wina akatopa nacedwa pang'ono, mnzace amacedwanso pang'ono mosauzidwa.

Cimodzimodzi pa dima, pamene mwini munda anali kuitana anansi kudzathandiza kulima, iye atakonza cakudya ndi cakumwa. Makasu anali kukwera ndi kutsika pamodzi. Amene watsala m'mbuyo pamzere wace, anzace anali kumulandira. Ndipo amene anapitako ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, umene unayambiranso m'caka ca 1980, adziwa m'mene nthaka imanjenjemera amuna ambirimbiri akaponda ngoma nthawi imodzi, amai alikuomba m'manja ndi kuimba.

Anthu ophunzira afufuza cinsinsi ca zimenezi. Mu 2010, ofufuza a ku Aarhus m'dziko la Denmark anapempha anthu awiriawiri kuti azigogoda ndi cala nthawi imodzi, atavala zomvera m'makutu. Anapeza kuti onse awiri akamamvana, palibe amene anali mtsogoleri. Aliyense anali kusintha pang'onopang'ono kuti alingane ndi mnzace. Anthuwo anathanso kulingana bwino ndi kompyuta, cifukwa kugunda kwace sikusintha. Kumene kunavuta ndi pamene munthu anali kutsatira mnzace amene sanali kumumva. Amai a pamtondo anadziwa zimenezi kalekale: mnzako wa panchito afunika kukumva, monga iwe umumvera.

Mnzathu atapita kutali

Kumayambiriro kwa caka ca 1898, asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, anaphedwa. Ng'ombe zambiri zinalandidwa. Azungu anamanga boma lao, nalicha Fort Jameson, limene linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Ndilo Chipata wathu wa lero.

Posakhalitsa kunabwera msonkho, ndipo msonkho unafuna ndalama. Amuna anayamba ulendo wa pansi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Ena anakhalitsa kwambiri, nachedwa machona. Mabanja anafunika kupangana za munda, za ukwati ndi za maliro ndi munthu amene ali kutali ulendo wa milungu yambiri.

Apa kalata inakhala yofunika. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, ndipo Ansembe Oyera anatsegula Kachebere mu 1903. M'masukulu ao a kumidzi anthu anaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Kalata ikafika pamudzi, kawirikawiri anali mphunzitsi kapena mwana wa sukulu amene anali kuiwerenga mokweza, banja lonse litakhala pansi. Yankho nalonso linali kupanganidwa ndi onse. Taonani kuti ngakhale mau anali ocokera kutali, anali kusonkhanitsa anthu pamphasa imodzi. Koma kalata inali ndi vuto lace. Munthu anali kuyankha nkhani imene inatha kale. Wodwala amene anachulidwa m'kalata mwina anali ataikidwa m'manda yankho lisanafike.

Mau ocokera m'kabokosi

Mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, boma la atsamunda linayamba kuulutsa mau ku Lusaka, makamaka kuti anthu amve za nkhondo imene ana ao anapitako. Nkhondo itatha, nyumbayi inakula nikhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Cinyanja cinali cimodzi mwa zinenero zace zazikulu.

Vuto linali lakuti mawailesi anali odula. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, ndipo mu 1949 kunabwera wailesi yochipa yooneka ngati poto, yochedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire yace inali mashilingi 25. Inagulidwa kwambiri. M'midzi, nyumba ya mphunzitsi kapena ya munthu wobwera kumigodi inasanduka bwalo, anthu atazungulira kabokosi kolankhula.

Anthu sanakhutire ndi kumvetsera cabe. Anafuna kuyankha. Programu yochuka ya Zimene Mwatifunsa inali kulandira makalata ambirimbiri a anthu opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Mnyamata wa kumigodi anali kupereka moni kwa amai ace kumudzi, ndipo mudzi wonse unali kumva dzina lace. Aulutsi monga Alick Nkhata, woimba wodziwika uja, anakhala ngati abale m'nyumba za anthu amene sanawaonepo. Mu 1956, akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za cinthu comweci: kuti omvera amafika pomuona muulutsi ngati bwenzi lao lenileni, ngakhale iye sawadziwa.

Koma cikondi cotere cimatha kusanduka mantha. Pa nthawi imene anthu anali kukana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhazikitsidwa mu 1953, wailesi inali ya boma limene linali kukakamiza citaganyaco. Kunabuka mphekesera yakuti anchito a pawailesi anali kugwirizana ndi anthu oyamwa magazi. Aulutsi amene dzulo anali okondedwa anayamba kuopsezedwa. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito panyumbayo, anasimba zimenezi m'buku lace lochedwa Wayaleshi. Mphekeserayo inali yabodza, koma pansi pace panali funso lanzeru: kodi mau awa ali ndi mwini, ndipo mwiniyo afuna ciani kwa ife? Funsoli tisaliiwale, tikumana nalonso kutsogoloku.

Kumvetsera pamodzi

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi inapitiriza kukhala mnzathu wa madzulo. Acikulire akumbukira Julius Chongo ndi programu yace ya Poceza m'Madzulo. Iye yekha anali kusintha mau, kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu kapena kalulu, mpaka omvera nkuganiza kuti m'cipinda coulutsira muli khamu. Koma kumeneko kunalibe mwana womuyankha kuti "Tili tonse," ndipo sanathe kuona ngati omvera aseka kapena agona. Luso lace linali kudziwa anthu ace bwino lomwe, kotero kuti anali kulasa pamene iwo adzasekera. Mbali yotsala anali kuikwaniritsa ndi omvera okha, poseka pamodzi ndi potsutsana za nkhaniyo m'mawa mwace kucitsime.

M'zaka zomwezo za m'ma 1960, boma linayambitsa magulu a alimi omvetsera wailesi, ochedwa Radio Farm Forum. Nzeruyi inayambira ku Canada mu 1941, nifika ku India mu 1956. Kacitidwe kace kanali kotere. Alimi anali kusonkhana pa tsiku loikika, pansi pa mtengo kapena pasukulu, ali ndi wapampando ndi mlembi. Anali kumvetsera phunziro la ulimi m'cinenero cao, kwathu kuno m'Cinyanja. Wailesi ikatsekedwa, anali kukambirana: kodi zimene tamvazi zingatheke pa nthaka yathu? Ndani adzayamba kuyesa? Mlembi anali kulemba mafunso ao ndi kuwatumiza ku Lusaka, kuti akayankhidwe pa programu ina.

Sizinali kuyenda bwino nthawi zonse. Mabatire anali kutha, mawailesi anali kuonongeka, ndipo yankho la funso la kubzala nthawi zina linali kufika mbeu zitamera kale. Komabe amene anakonza magulu awa anazindikira cinthu cacikulu. Mlimi womvetsera yekha amati "zoona," napita kukagona. Alimi 15 omvetsera pamodzi amafunsana sabata yotsatira kuti, "Nanga zija munalonjeza, mwacita?" Wailesi inali kubweretsa nzeru, koma wokumbutsa lonjezo anali mnansi.

Mphunzitsi amene sanaone ana ace

Citsanzo coonekeratu ca kugwira nchito ndi mnzako wosaoneka cinabwera m'caka ca 2000. Pa nthawiyo matenda a Edzi anali atasiya ana ambiri amasiye, ndipo ana oculuka sanali pasukulu. Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa maphunziro a pawailesi ochedwa Learning at Taonga Market, amene anafalikira m'zigawo za dziko, kuphatikizapo cathu ca Kum'mawa. Ana anali kusonkhana m'chalichi, m'khumbi kapena pansi pa mtengo. Malo ambiri anali ndi wailesi yopukusa ndi dzanja, yosafuna batire. Pamalo alionse panali wothandiza, kawirikawiri mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzirako sukulu, wogwira nchito modzipereka.

Phunziro lililonse linali la mphindi 30. Mphunzitsi wa pawailesi anali kufunsa funso, nakhala cete kanthawi kuti ana ayankhe. Anali kuuza ana kuimirira, kuimba, kuwerenga miyala. Anali kuuzanso wothandiza uja kuti alembe pabolodi kapena asankhe mwana mmodzi woti ayankhe. Mukanaima panja, mukanaganiza kuti mphunzitsiyo alikuwamva anawo.

Koma sanali kuwamva. Kanthawi kacete kaja kanali koyezeratu ku Lusaka, miyezi yambiri m'mbuyo. Ana akayankha bwino, mau anali kupitirira. Akalakwa onse, mau anali kupitirirabe. Amene anali kuona kuti mwana wina sanatsegule pakamwa, kuti wina wabwera ndi njala, kuti wina sanabwere masiku atatu, anali wothandiza uja. Iye ndiye anali kubwereza phunziro wailesi itatsekedwa, ndi kupita kunyumba kukafunsa za mwana wosowa. Kumene mudzi unasamala wothandiza wao, maphunziro anapitirira. Kumene anatopa nasiya cifukwa cosowa cithandizo, wailesi inalankhula yokha. Acinyamata, ena mwa anthu amene anasenza nchito imeneyi anali a msinkhu wanu.

Gogo wa pawailesi

Boma litalola mawailesi ena kupatula ya boma m'zaka za m'ma 1990, mau anayamba kucokera pafupi. Radio Maria inayamba kuulutsa ku Chipata mu 1999, ndipo Breeze FM, imene anayambitsa a Mike Daka, inatsatira mu 2002. Tsopano muulutsi anali munthu amene ungakumane naye pamsika wa Kapata.

Pa Breeze FM panachuka mkulu wina, a Peter Grayson Nyozani Mwale, amene kale anali mphunzitsi. Dziko linawadziwa ndi dzina lakuti Gogo Breeze. Omvera onse anali kuwacha adzukulu ao, ndipo omvera anavomera cibale cimeneci. Anali kuwalembera makalata osimba madandaulo ao: malipiro osaperekedwa, mitengo ya thonje, feteleza, mikangano ya m'banja. Harri Englund, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge, anakhala nao nthawi yaitali, ndipo mu 2018 anatulutsa buku lonena za nchito yao.

Cimene cinawasiyanitsa ndi mau a m'kabokosi a mu 1949 ndi cakuti Gogo anali kutuluka m'kabokosimo. Anali kuyenda m'misika ndi m'midzi ndi makina ojambulira mau. Anali kupita kukafunsa mbali inayo ya mlandu. Nthawi zina anali kudzudzula wodandaula yemweyo, monga acitira gogo weniweni. Cibale ca pawailesi cinakhala ndi mphamvu cifukwa cinali ndi udindo mbali zonse ziwiri. Mdzukulu anali ndi ufulu wofunsa gogo wace kuti, "Nanga kalata yanga ija?"

Foni, mliri ndi makina oyankha

Foni ya m'manja inafupikitsa nthawi yodikira yankho kucoka pa milungu kufika pa mphindi. Mu December 2012 kunayambika U-Report, njira imene acinyamata a m'Zambia anali kutumiza mafunso a za Edzi pa uthenga wa foni mosadziwika dzina. Kuseri kwace kunali alangizi ophunzitsidwa, anthu enieni. Ambiri anafunsa zimene sakanatha kufunsa pamaso pa munthu wamkulu. Apa kusaonana kunathandiza.

Pa 18 March 2020, boma linalengeza kuti matenda a Covid-19 afika m'Zambia. Masukulu anatsekedwa pa 20 March, ndipo mipingo yambiri inaimitsa mapemphero a pamodzi. Tinapemphera pawailesi, tinapangana za maliro ndi zopereka pa WhatsApp. Zinatithandiza ndithu. Koma makwaya m'maiko ambiri amene anayesa kuimba pamodzi pa intaneti anapeza kuti sizitheka bwino. Mau amacedwa pang'ono panjira, ndipo aliyense akamadikira mnzace, nyimbo imafooka mpaka kusokonekera. Kucedwa kosakwana sekondi imodzi nkokwanira kugundanitsa minsi.

Tsopano kwabwera mnzathu wa mtundu wina. Kuyambira November 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, anthu ambiri alikuceza ndi makina amene amayankha funso lililonse, usana ndi usiku. Kusiyana ndi mphunzitsi wa Taonga, makinawa amasintha yankho molingana ndi zimene walemba. Kusiyana ndi U-Report, kuseri kwace kulibe munthu amene alikuwerenga ndi kukuyankha. Ndipo mtima wa munthu sucedwa kukopeka. Kale mu 1966, Joseph Weizenbaum wa ku America anapanga programu ya kompyuta yochedwa ELIZA, imene inali kungotembenuza mau a munthu kukhala mafunso. Anadabwa kuona kuti mlembi wa mu ofesi yace, amene anadziwa bwino kuti ndi makina, anamupempha kuti atuluke m'cipinda kuti aceze nayo payekha.

Makina awa angathe kukuthandizani masamu, kulemba kalata yofunsira nchito, kapena kumvetsa phunziro lovuta. Koma amathanso kunena zabodza molimba mtima, ndipo ali ndi eni ace, amene ali ndi zolinga zao. Funso lija la m'masiku a citaganya likali lamoyo.

Zimene mbiri itiphunzitsa

Tikayang'ana m'mbuyo, tiona kuti anthu a kuno sanakane mnzao wosaoneka. Analandira kalata, wailesi ndi foni, ndipo anapindula nazo. Koma paliponse pamene zinabala zipatso, panali anthu okhala pamodzi: banja lozungulira kalata, alimi pansi pa mtengo, wothandiza pakati pa ana, Gogo pamsika. Mau ocokera kutali anali kuyamba nchito, anthu a pafupi naitsiriza.

Cosintha cacikulu lero ndi cakuti kabokosi kalowa m'thumba la munthu mmodzi. Wailesi ya mu 1949 inali kuitana mudzi wonse. Foni imatha kucotsa munthu pakati pa anzace ngakhale atakhala nao pa benchi imodzi. Mnyamata angathe kuuza makina mavuto ace onse usiku wonse, anzace a m'gulu osadziwa kanthu, ndipo iye osadziwanso kuti mnzace wa m'kwaya wagona ndi njala. Makina sadzamusowa akapanda kubwera Lamulungu. Sadzasenza bokosi pa maliro a kwao. Akulu anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu.

Tsono gwiritsani nchito zida zimenezi monga anacitira alimi aja. Zimene mwamva kapena kuwerenga pafoni, bweretsani ku gulu, muziyese pamodzi. Funsani kuti mauwo ndi a yani. Ndipo pa msonkhano wanu wotsatira, musanayambe, werenganani. Amene palibe, wina apite kwao akamuone.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Funsani munthu wacikulire wa mumpingo mwanu za tsiku loyamba limene anamva wailesi. Anali ndi yani? Anakhulupirira zimene anamva?

2. Ndi nchito ziti za gulu lanu zimene zimayenda bwino pafoni, ndipo ndi ziti zimene zimafuna kuti muonane maso ndi maso?

3. Kodi pali nkhani zimene wacinyamata angafunse makina koma angaope kufunsa anzace kapena akulu a mpingo? Cifukwa ciani? Gulu lanu lingacite ciani kuti mantha amenewa acepe?

4. M'mudzi kapena m'komboni mwanu, ndani lero ali ngati wothandiza wa Taonga, wogwira nchito modzipereka popanda womuyamika? Mungamuthandize bwanji mwezi uno?